Amayi ndife ochuluka pamzere wovota, nanga mipando ikupita bwanji kwa abambo?

Funso: Ndine mayi wa zaka 41. Kwathu ndi ku Ntcheu koma ndidakwatiwa ku Dowa. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikutsogolera banki m'khonde komanso komiti ya sukulu, ndipo anthu ayamba kundiuza kuti ndidzaime pa ukhansala, ena akuti pa uphungu umene. Chondidabwitsa n'chakuti pamsonkhano wa chipani ochuluka ndife amayi, povota ochuluka ndife amayi, koma opambana ndi abambo. Amuna anga akuti vuto ndi ife tomwe, amayi sitikondana. Kodi n'zoona? Nanga ndikafuna kuima, ndilowe chipani kapena ndiime pandekha?

Yankho:

Mayi, zimene mwaona ndi maso anuzo n'zoona, ndipo mabuku a bungwe loyendetsa zisankho la MEC akukuchitirani umboni. Pachisankho cha 2019, mwa anthu pafupifupi 6.9 miliyoni amene adalembetsa, 56 mwa 100 aliwonse adali amayi. Koma m'Nyumba ya Malamulo ya mipando 193 mudalowa amayi ongopitirira 40 pang'ono. Mu 1994, pachisankho choyamba cha zipani zambiri, adalowa amayi 10 okha mwa aphungu 177. Kuchokera nthawi imeneyo mpaka lero sitidafikepo poti mpando umodzi mwa mipando inayi iliyonse ukhale wa mayi.

Bambo akunyumbawo mukandipepesere, koma yankho lawo sindikugwirizana nalo. Mawu akuti amayi sakondana ndawamva ku Karonga, ndawamva ku Nsanje, ndipo ndi osavuta kuwakhulupirira chifukwa amatipulumutsa ku ntchito yofufuza kumene amayi akugwera. Akatswiri ena adachitapo kafukufuku kuno ku Malawi. Ankafotokozera anthu mbiri za opikisana ongoyerekeza, n'kumasintha zina ndi zina monga chipani, maphunziro, komanso ngati munthuyo ndi bambo kapena mayi, kenaka n'kufunsa kuti mungavotere uti. Ovota sadamukane mayi. Adapendekera pang'ono kwa iye. Koma ofufuza omwewo atakacheza ndi amayi amene adaimadi pachisankho, adamva za kunyozedwa ndi kuipitsiridwa mbiri kumene abambo sakumana nako. Ndiye kuti mtima wa wovota payekha si umene watseka chitseko. Chitseko chimatsekedwa tsiku lovota lisadafike, ndipo amene amasunga kiyi wake ndi chipani.

Wovota amasankha mwa anthu amene wawapeza papepala. Kwanu ku Dowa mukudziwa nokha kuti munthu akanyamula tambala wakuda, theka la ulendo wayenda kale. Ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Phalombe ndi chimodzimodzi ndi chimanga cha DPP. Ku Mangochi ndi ku Machinga chikasu cha UDF chidalamulira zaka zambiri, ndipo mu 1994 AFORD ya Chakufwa Chihana idasesa mipando yonse 33 ya chigawo chakumpoto. Kumene chipani chili kuchimake, chisankho chenicheni ndi cha chipulula, mapulaimale aja. Amene wapambana pamenepo, tsiku lalikululo amangokatsimikiza. N'chifukwa chake mipando ya kuchimake amailimbirana ndi anthu andalama ndi akuluakulu a chipani, ndipo ambiri mwa iwo ndi abambo. Mayi amamupatsa tikiti mosavuta kudera kumene chipanicho chikudziwa kale kuti sichikapambana. Pamsonkhano wa atolankhani akuluakulu adzati taimika amayi akutiakuti, chiwerengero chomveka bwino ndithu, koma funsani kuti mwa amayiwo ndi angati aimikidwa kumene chipani chimapambana.

Chaka cha 2009 chimandithandiza kufotokoza zimenezi. Chisankhocho chisadafike, unduna woona za amayi ndi mabungwe omwe si aboma adayambitsa kampeni ya 50:50, potsatira pangano la maiko a SADC la 2008 loti amayi ndi abambo azigawana maudindo mofanana. Amayi ofuna kuima adalandira maphunziro, zipangizo za kampeni ndi kandalama pang'ono. Chiwerengero cha aphungu achizimayi chidakwera kupitirira 40, ndipo tonse tidasangalala. Koma ambiri mwa amayiwo adali a DPP, m'chaka chimene Bingu wa Mutharika adapeza mavoti 66 mwa 100 aliwonse ndipo chipani chake chidatenga mipando yoposa 110. Madzi osefukira adanyamula aliyense amene adali m'bwatolo. Pofika 2014 kampeni ya 50:50 idalipobe, pampando wa pulezidenti padali mayi, koma amayi amene adapambana adatsika kufika pa 32. Sikuti m'zaka zisanu Amalawi adangoti mwadzidzidzi tawada amayi. Zipani zidagawana mavoti, aphungu ambiri akale adagwa monga zimachitikira pafupifupi chisankho chilichonse kuno, ndipo amayi amene adalowa ndi mphepo ya chipani adatuluka mphepoyo itatembenuka.

Tsopano ndikuuzeni za chipulula, chifukwa ndi pamene mudzakumane nazo ngati mulowa chipani.

Chaka china ndidakhala nawo pachisankho cha chipulula pabwalo la sukulu ina yapulaimale. Chipani sindichitchula, pakuti zimene ndidaonazo ndazionanso kwina. Adalengeza kuti ayamba 9 koloko m'mawa. Nthumwi zachizimayi zidafika msanga, ena ana kumsana, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango. Oyendetsa chisankho adatulukira dzuwa litapendeka. Pofika nthawi imeneyo amayi angapo adali atabwerera kukaphika ndi kukatsekera mbuzi, pamene lole ya mmodzi wa opikisana idali itatsitsa anyamata kawiri. Ndandanda wa nthumwi umene adawerenga udali wosiyana ndi umene mayi wopikisana nawo adapatsidwa sabata yapitayo. Makomiti a eliya ena adali atsopano, ena sadamveke n'komwe. Kenaka opikisanawo adaimikidwa moyang'ana kumagolo, anthu n'kuuzidwa kuti aliyense akaime kumbuyo kwa amene akumufuna.

Pamenepo ndi pamene ndidamvetsa chimene kuima pamzere kumachita kwa mayi wa kumudzi. Padali mayi wina, nsalu ya chipani ali nayo m'chiuno, amene adayenda masitepe angapo kulowera kumzere wa mayi mnzake, n'kuima. Mwamuna wake adali kale pamzere winawo. A mfumu adali chapafupi pampando. Bambo amene dzulo lake adagawa shuga ndi ndalama adali chiimire cha pomwepo, maso ali pa aliyense. Mayi uja adayang'ana pansi, adakonza mwana kumsana, n'kutembenukira kumene kudali mwamuna wake. Zitatha zonse ndidamuona akupita kwa mayi wogonja uja, adagwada pang'ono n'kunena motsitsa kuti, "Mundikhululukire amayi, mtima wanga uli kwa inu, koma ndikadakagona kuti?"

Mayi ameneyo sindingamunene kuti sakonda mayi mnzake. Voti yake idali pamtetete, ndipo mtengo wake akadakaulipira kunyumba. M'kachipinda kovotera ka MEC akadachita zimene mtima wake udafuna, koma pofika tsiku limenelo dzina la mayi amene ankamufunayo silidalinso papepala la chipanicho.

Onaninso amene amakhala nthumwi. Amachokera m'makomiti a nthambi ndi a eliya: komiti yaikulu, ya amayi, ya achinyamata. Amayi alimo ndithu, koma amene amasunga ndandanda, amene amaitanitsa misonkhano ndi amene amalandira foni kuchokera kwa gavanala kawirikawiri ndi abambo a komiti yaikulu. Nkhani zikuluzikulu sizikambidwanso pabwalo. Zimakambidwa usiku, kunyumba kwa wina kapena pamalo omwera, kumene mayi wapabanja akapezekako mawa lake mudzi wonse wamva.

Ndalama ndi phiri lina. MEC idachepetsako mtolo pa ndalama yolembetsera: mu 2019 bambo woima pa uphungu ankalipira K500,000, mayi K250,000. Koma ndalama yolembetsera ndi kadontho chabe. Kafukufuku wa chisankho chomwecho adapeza kuti munthu woima pa uphungu ankawononga pafupifupi K15 miliyoni, ndipo opambana ankawononga zoposa pamenepo. Ndi ndalama za nthawi imeneyo, kwacha isadagwe monga yagweramu. Zimapita ku mafuta a galimoto, zitenje ndi matisheti, mipira ndi mayunifomu a bonanza, bokosi la maliro, chipepeso, fizi ya mwana wa uje, kunyamula wodwala usiku kupita naye kuchipatala, ndi chakudya cha mamonita tsiku lovota. Shado amayamba kugwira ntchito ya phungu zaka ziwiri asadasankhidwe, ndi thumba lake. Bambo akhoza kugulitsa ng'ombe kapena fodya wa chaka chonse osafunsa munthu. Mayi ayenera kufunsa, ndipo akapita kubanki amamufunsa chikole chimene nthawi zambiri chili m'dzina la mwamuna. Lamulo la zipani la 2018 lidaletsa kugawa ndalama ndi katundu pokopa ovota, koma mchitidwewu ukadalipo, ndipo wovota wosauka sindimuweruza. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Munthu amene waona aphungu atatu akulonjeza mlatho womwewo amatenga chimene chili m'manja lero.

Za kutukwana ndinenepo mosabisa, kuti musadzadzidzimuke. Bambo akaima amamunena kuti ndi wakuba kapena waulesi. Mayi akaima amamunena za thupi lake ndi za kuchipinda. Wosakwatiwa amati alamulira bwanji dera pamene banja lidamukanika. Wokwatiwa amati mwamuna wake adadyetsedwa. Akapambana chipulula amati adagona ndi akuluakulu. Mu Januwale 2019 dziko lonse lidaona kanema wa mayi wotsatira UTM ku Mangochi akuvulidwa malaya a chipani chake ndi anyamata achipani china. Abambo nawonso amamenyedwa pandale, koma kuvulidwa pagulu cholinga chake n'kuchititsa manyazi, kuti amayi ena zikwizikwi amene aonera kanemayo aganize kawiri asadavale malaya a chipani. Pamenepa chipani ndi chikazi zidakumana pa thupi la munthu mmodzi.

Inuyo muli ndi nkhani inanso: kwanu ndi ku Ntcheu, mukukhala ku Dowa. Tsiku limene mudzalengeze, wina adzaimirira n'kunena kuti ameneyu ndi mtengwa, si wa kuno. Mukadati mukaime ku Ntcheu akadati ameneyu adapita kubanja, za kuno akuzidziwa bwanji. Malamulo a zisankho salamula kuti munthu aime kumene mchombo wake udakwiriridwa, choncho mawu amenewo ndi a kampeni chabe, koma amaluma. Yankho lake muli nalo kale: zaka zisanu ndi chimodzi za banki m'khonde ndi komiti ya sukulu. Ana amene akuphunzira m'makalasi amene mudaumbitsa njerwa zake ndi a ku Dowa.

Ofufuza apezanso kuti kumadera a chikamwini, kumene mayi amakhala pamudzi pa amayi ake ndipo munda ndi wake, kusiyana kwa abambo ndi amayi pa kutenga mbali m'zochitika za ndale kumacheperako. N'zomveka: munthu amene sangathamangitsidwe pamudzi amalankhula momasuka. Komabe ngakhale kuchikamwini wolankhulira mbumba pabwalo ndi malume, nkhoswe. Ndipo ndale zathu zidatengera mwambo umenewu n'kuukulitsa kufika dziko lonse.

Amayi sadayambe ndale za dziko lino ngati ovina. M'zaka za m'ma 1950 Rose Chibambo adasonkhanitsa amayi m'chipani cha Nyasaland African Congress kulimbana ndi chitaganya. Mu 1959 atsamunda adamutsekera m'ndende ali ndi khanda. Ufulu utayandikira adakhala phungu ndipo adapatsidwa udindo m'boma, mayi woyamba kufika pamenepo. Koma pa mkangano wa nduna wa 1964 adachotsedwa, adathawira ku Zambia, ndipo adakhala kunja zaka pafupifupi 30. Lero nkhope yake ili pa K200. Vera Chirwa, loya woyamba wachizimayi m'dziko muno, adagwidwa limodzi ndi mwamuna wake Orton mu 1981 n'kukhala m'ndende mpaka 1993. Amayi olankhula atachotsedwa motero, malo amene adatsalira amayi m'chipani adali a mbumba. Kamuzu adadzitcha Nkhoswe Nambala Wani, amayi adavala nsalu ya nkhope yake, adavina ndi kuimba kulikonse kumene adapita. Mu 1985 kudabwera Chitukuko Cha Amayi m'Malawi motsogozedwa ndi Mama Cecilia Kadzamira. Amayi ena adapeza ulemu ndi mphamvu m'njira imeneyi, ndipo wandale aliyense ankaopa nyimbo ya mbumba ikamutchula dzina. Koma mphamvu yake idali yotamanda ndi yonyoza amene mtsogoleri wamuloza, osati yosankha mtsogoleri.

Mu 1994 tidasintha boma, koma dongosolo ili tidalisunga. Nsalu idangosintha mtundu: yachikasu, yabuluu, yaolenji, yofiira. Amayi ovina pamsonkhano ine sindiwapeputsa ngakhale pang'ono. Ndiwo amayenda khomo ndi khomo, ndiwo amadziwa amene wadwala ndi amene wakwiya, ndiwo amadzaza bwalo, ndipo chipani chopanda iwo sichingapambane ngakhale wodi imodzi. Chimene chimandiwawa n'chakuti ntchito yonseyi malipiro ake ndi chitenje ndi ndalama ya sopo, pamene tikiti ikupita kwa munthu amene wabwera kuchokera kutauni miyezi isanu ndi umodzi chisankho chisadachitike. Pafupifupi chipani chilichonse chili ndi mkulu wa amayi. Koma werengani amayi amene akhalapo mlembi wamkulu, msungichuma, kapena gavanala wa chigawo, muona kuti zala za m'manja zikukwanira.

Nkhani ya Joyce Banda anthu amaigwiritsa ntchito mbali zonse ziwiri. Ena amati onani, Amalawi adamukana mayi. Ine ndimati tiione yonse. Adakhala wachiwiri kwa pulezidenti mu 2009 chifukwa Bingu adamusankha kuyenda naye. Atasemphana pa nkhani ya wolowa m'malo, DPP idamuchotsa mu Disembala 2010, ndipo mu 2011 adayambitsa People's Party. Adakhala pulezidenti pa 7 Epulo 2012, Bingu atamwalira, chifukwa malamulo a dziko adatero. Mu 2014 adakhala wachitatu ndi mavoti pafupifupi 20 mwa 100 aliwonse, kumbuyo kwa Peter Mutharika ndi Lazarus Chakwera. Chikazi chake adachigwiritsadi ntchito pomunyoza: adamutcha wogulitsa mandasi, ndipo mwambi wakuti ng'ombe yaikazi sikoka ngolo udamveka pamisonkhano. Koma kudalinso Cashgate ya 2013, kudali kugwa kwa kwacha ndi kukwera kwa zinthu, ndipo chipani chake chidali chatsopano, chodzaza ndi anthu amene adathamangirako atangoona kuti boma lasamukira kumeneko. Chidalibe kuchimake kolimba ngati kwa MCP kapena DPP. Bambo amene akadanyamula mtolo umenewo naye akadavutika. Chosiyana n'chakuti bambo akalephera amati uje walephera, koma iye atalephera ena adati amayi alephera, ndipo amayi ambiri amene ankaima pa uphungu chaka chimenecho adasenza nawo mlandu umene sadapalamule.

Kumbali ya malamulo, lamulo la 2013 loona kuti pasakhale kusiyana pakati pa amayi ndi abambo limati polemba ntchito ndi kuika anthu m'maudindo a boma, mbali imodzi isachepere 40 kapena kupitirira 60 mwa 100 aliwonse. Koma silikhudza mipando yochita kuvotera. Mu 2017 bungwe lounika malamulo lidapereka ganizo loti boma lililonse mwa maboma 28 likhale ndi mpando umodzi wopikisana amayi okhaokha, ndipo ganizolo silidasanduke lamulo. Anzathu amene apita patsogolo sadadikire kuti mitima isinthe. Ku Rwanda malamulo a 2003 adapatula mipando 24 mwa 80 kukhala ya amayi, ndipo lero amayi kumeneko ndi oposa theka la nyumbayo. Ku Zimbabwe malamulo a 2013 adawonjezera mipando 60 ya amayi. Ku South Africa ndi ku Mozambique anthu amavotera ndandanda wa chipani, ndipo ANC ndi Frelimo zidadziikira zokha mlingo wa amayi pandandandapo, n'chifukwa chake amayi ndi ochuluka m'nyumba zawo zamalamulo. Ku Zambia, kumene kwa zaka zambiri ankavota ngati ife, dera limodzi munthu mmodzi, chiwerengero chidali chotsika ngati chathu, ngakhale kuti akhala ndi amayi awiri otsatizana pa udindo wa wachiwiri kwa pulezidenti, Inonge Wina ndi Mutale Nalumango. Chikhalidwe cha Amozambiki a ku Tete ndi cha ife sichisiyana kwenikweni. Chosiyana ndi malamulo a masewerawo.

Sindikufuna kukunamizani kuti mayi akangolowa m'Nyumba ya Malamulo ndiye kuti zonse zayera. Akalowa ndi tikiti ya chipani, chipanicho chimamugwirabe. Akavota motsutsana nacho, chipulula chotsatira amuonetsa. Akachoka, gawo 65 la malamulo a dziko likhoza kumulanditsa mpando. N'chifukwa chake mumaona amayi a zipani zosiyana akukhala chete mnzawo wa mbali ina akamanyozedwa m'nyumbamo. Komabe pamene adagwirizana kudzera m'gulu lawo la aphungu achizimayi, zipatso zidaoneka: lamulo lothana ndi nkhanza za m'banja la 2006, lamulo la maukwati la 2015, ndi kusintha malamulo a dziko mu 2017 kuti mwana wosakwana zaka 18 asalowe m'banja. Mu 2019 Catherine Gotani Hara adakhala sipikala woyamba wachizimayi. Mu 2020 amayi adachita zionetsero podandaula kuti boma la Tonse lidaika amayi ochepa m'mabodi a makampani a boma, ndipo m'nduna zoyamba amayi ambiri adali achiwiri chabe. Mu 2025 Jane Ansah adakhala wachiwiri kwa pulezidenti. Maudindo otere ndi ofunika, mtsikana wa kusukulu amawaona. Koma udindo umene wapatsidwa ndi mtsogoleri mmodzi umadalira mtima wa mtsogoleriyo, pamene mpando umene wapambana wekha kwanu umakupatsa mawu ako.

Tsono ku funso lanu lachiwiri. Kuima panokha si maloto kuno ku Malawi. Mu 2014 aphungu oima paokha adapambana 52, mu 2019 adapambana 55, kufanana ndi mipando imene MCP idapeza chaka chimenecho. Koma yang'anitsitsani kuti anthu amenewa ndi ndani. Ambiri ndi ana a chipani amene chipulula sichidawayendere bwino, anthu n'kuwauza kuti imani basi, tikuvoterani. Nancy Tembo ndi chitsanzo chodziwika: pambuyo pa mkangano wa chipulula cha MCP ku Lilongwe City South West adaima payekha mu 2019, adapambana, ndipo pambuyo pake adakhala nduna. Ovota adadziwa kumene mtima wake uli, ndipo adadziwa ntchito zake. Munthu amene sadakhalepo m'chipani chilichonse, woima payekha kuchimake kwa chipani champhamvu, amayenera kudzipezera yekha mamonita pamalo aliwonse ovotera, galimoto, ndi anthu omuteteza. Zimatheka, koma n'zodula.

Langizo langa kwa inu ndi ili. Ngati pali chipani chimene mfundo zake mukugwirizana nazo ndipo chili ndi mphamvu kwanuko, lowani tsopano, osadikira 2030 itayandikira. Musalowe chipani chimene mtima wanu ukuchikana chifukwa chongofuna tikiti. Anthu a kumudzi amazindikira msanga, ndipo inunso mudzatopa nacho. Mukalowa adzakuthamangitsirani ku komiti ya amayi. Musaikane, muli mavoti mmenemo, koma muuzenso amayi anu a banki m'khonde kuti apikisane pa mipando ya komiti yaikulu ya nthambi ndi ya eliya, makamaka wa mlembi, chifukwa mlembi ndiye amasunga maina. Chipulula chimapambanidwa pa tsiku limene makomiti amenewa akusankhidwa, nthawi imene anthu ambiri sakuganiza n'komwe za chisankho.

Pa ukhansala ndi uphungu, ine ndingati yambani ndi ukhansala, osati chifukwa ndinu mayi, koma chifukwa wodi ndi yaing'ono, mukhoza kuiyenda ndi njinga yamoto, ndipo anthu ake akukudziwani kale. Makhansala tidakhala opanda iwo kuyambira 2005 mpaka 2014, choncho ambiri amaupeputsa udindowu, koma kukhonsolo ndi kumene kumakambidwa za mijigo, misika, milatho ing'onoing'ono ndi midadada ya sukulu, zinthu zimene mwakhala mukuzigwira kale. Mukadzafuna uphungu kumbukirani kuti malamulo amafuna munthu wodziwa kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kutenga mbali pa zokambirana za nyumbayo. Lamulo limeneli latsekereza amayi anzeru ambiri amene adasiyira sukulu panjira, ndipo ine ndimalakalaka litaunikidwanso, koma pakali pano lilipo.

Khalani pansi ndi bambo akunyumba musadalengeze kanthu. Muwauze mawu onyansa amene adzamve kumsika okhudza inu, kuti adzawamve koyamba kuchokera pakamwa panu. Mugwirizane ndalama zimene banja lingathe kutaya osagulitsa munda, ndipo ndalama za banki m'khonde musazikhudze ngakhale anzanu atakukakamizani, chifukwa mbiri yanu yosunga bwino ndalama za anthu ndiyo chuma chachikulu chimene mukulowa nacho. Walira mvula walira matope, matopewo adzabwera ndithu, koma asadzakupezeni muli nokha: pezani amayi ndi abambo asanu kapena khumi okhulupirika amene adzayankhe m'malo mwanu pamaliro, pachitsime ndi pa WhatsApp.

Nthawi ya chipulula ikadzayandikira, lembani kalata kwa akuluakulu a chipani kuboma kwanu yopempha zinthu zitatu: ndandanda wa nthumwi wosainidwa masiku angapo chisankho chisadafike, malo ndi nthawi zolembedwa, ndi kuvota kwachinsinsi kwa pepala m'malo moima kumbuyo kwa munthu. Musalembe nokha. Funsani opikisana nawo ena, abambo omwe, kuti asaine nanu, pakuti ambiri a iwo amaopanso ndandanda wosinthidwa usiku. Kope la kalatayo musunge. Ngati adzakuberani poyera, kalata imeneyo ndi imene mudzaonetse anthu a m'wodi mwanu powafunsa ngati akufuna kuti muime panokha.